Tinatsika Ndege Tili Asanu

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Mvula kuyambira 6 koloko. Mapiritsi anayi, ndamwa onse. Bondo lakumanzere monga dzulo.

Pa Misa tinali 9, kuphatikiza Bambo. Titatuluka Tisungane wandipatsa mapepala a kabuku ka chikondwerero. Masamba 24, Chichewa pamwamba, Chingerezi pansi. Zaka 25 za nyumba yathu ya ku Lucan. Chikondwerero pa 26. Osindikiza akufuna mapepala pa 16. Masiku 9. Akuti, "Sisteri Ursula, inu simulakwitsa nambala, mungotionera manambala basi." Ndi mkulu wa nyumba tsopano, koma ndinamuphunzitsa masamu ali Fomu 2, ndiye akamandipempha kanthu amaikabe manja kumbuyo.

Ndaona manambala. Tsamba 2 lili bwino: chipani cha Atumiki a ku Kana chinayamba mu 1961, asisteri awiri a ku Ireland ndi atsikana 7 a kwathu, m'nyumba yofolera udzu. Tsamba 6 lili bwino: kuno lero tilipo 13, ku Lucan 8, ku Skerries 5.

Tsamba 3: "Pa 26 Okutobala 1999 asisteri anayi anatsika ndege ku Dublin." Tsamba 9, pansi pa chithunzi changa: "Sisteri Ursula, amene anayambitsa Khomo la Loweruka."

Tinatsika asanu. Ndipo Khomo sindinayambitse ine.

Ndatseka mapepala. Ndakolopa khonde lonse, pomwe silinali tsiku langa. Ndabwerera, ndatsegulanso tsamba 3. Anayi.

Zaka 78. Ndaphunzitsa masamu zaka 26. Sindinasainirepo samu yolakwika.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Tsiku langa losambitsa a Sisteri Nuala. Zaka 94. Tinabwera kuno kudzasamalira asisteri 11 a ku Ireland amene anatiphunzitsa kwathu, atakalamba n'kubwerera kwawo. Khumi tinawaperekeza kumanda, masiku awo ndili nawo onse. Atsala okhawa. Kwathu anakhalako zaka 36. Chingerezi chikuwathawa, Chichewa chatsala. Nesi akabwera amandiitana kuti ndimasulire mzungu kwa mzungu mnzake.

Ndikuthira madzi kumsana, iwo: "Si choncho iwe. Kaitane Lois. Manja ako ndi ozizira ngati mwala wa ubatizo." Ndati Lois kulibe. Akuti wapita kumsika? Ndati eya. Afunsa kanayi, ndanama kanayi.

Chaka chino chokha afunsa za Lois masiku 31. Ndimalemba kumapeto kwa kope la mankhwala awo, ngati chizindikiro cha matenda. Mpaka lero sizinkandikhudza. Lero thaulo lagwa m'madzi.

Masana ndayenda mpaka pa mlatho wa Liffey n'kubwerera. Mapazi 2,340. Madzi adzadza, akuda. Sindinaime.

Tsamba 10 mpaka 16, zolakwika zitatu. Chaka cha denga la chapelo ndi 2009, osati 2010. Zoterezi ndimazikonda. Zimakonzeka ndi pensulo.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndatsitsa Buku la Nyumba loyamba, la chikuto chobiriwira. Alipo 6, onse ndi dzanja langa.

Mwambo wathu, kuyambira kwa oyambitsa: sisteri akachoka m'chipani, dzina lake sitikhwatcha. Ankati kukhwatcha dzina la munthu wobatizidwa ndi kumutemberera. Timadula kapepala koyera, timamata pamwamba pa dzinalo ndi phala la ufa. Dzina lilipo, koma siliwerengedwa, silitchulidwa pa zikondwerero, sililowa m'mbiri. Ku novisiyeti, pophunzira usisteri, anatiuza kuti ndi chifundo. Ndinakhulupirira. Mwina ndikukhulupirirabe pang'ono.

M'buku loyamba timapepala 47. Ndinamata ndekha, masana awiri a Marichi 2002, ndi lula kuti tiwongoke. Lero ndaika tsamba loyamba pa windo. Zilembo zikuonekera.

Tinali:
Ine.
Magdalena, anamwalira 2011, ali kumanda a kuno.
Wezi, anabwerera 2008, ali ku Mzuzu, maso anafa.
Chiti, 2019, pafupi ndi Magdalena.
Kapepala.

Ndiye amene angatsutse tsamba 3 ndi nkhalamba imodzi yosaona, ina yoiwala, ndi ine.

Tsiku lofika lija: masutikesi 7, majuzi awiri pakati pa anthu asanu. Agogo athu a ku Ireland atandanda pakhomo, ena pa njinga za olumala, akuimba nyimbo yolandirira alendo m'Chichewa chawo cha m'mphuno. Wezi analira. Lois anali ndi zaka 30, wamng'ono pa tonse, nesi. Sabata yoyamba anali atadziwa kale mabasi onse, kuyatsa makina otenthetsa nyumba, ndi mmene sisteri aliyense amafunira tiyi wake. Ine ndinali mkulu wa nyumba. Ndinkadziwa chiwerengero cha makapu.

Titadya ndamuuza Tisungane kuti tsamba 3 pali amene wasiyidwa. Akudziwa zoti kunali Lois, wochoka, basi. Iye anafika 2010. Wayankha mofatsa: "Mwambo si ine ndinaupanga, Sisteri. Amayi Akulu anawerenga kale, anavomera. Akufika pa 24. Tisawalandire ndi nkhani."

Ndamva kupepuka. Chimenechi ndiye chikundinyansa.

Za tsamba 9 sindinatchule.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndilembe kamodzi, mwadongosolo, ngati samu pa bolodi.

Januwale 2002. Lachisanu lililonse ndinkawerenga za m'kabati ya zofunda. Mabulangete 32. Pa 11 Januwale, 30. Buledi wa masiku awiri akutha tsiku ndi theka. Mazira awiri pa tsiku osadziwika kolowera. Sindinafunse munthu. Ndinatenga kope, ndinalemba masiku 12. Tsiku la 13 ndinatsatira mbale. Chipinda chochapira, kuseri kwa makina oumitsira zovala, kumene kumafunda. Mtsikana wa mimba ya miyezi 8. Temwa, wa ku Rumphi, wopempha malo m'dziko muno. Anathawa ku hositelo kumene boma linamuika, kunali mwamuna wina amene ankamuvutitsa. Lois anamupeza pa siteji ya basi akulira m'Chitumbuka.

Lamulo: wakunja sagona m'nyumba ya asisteri popanda chilolezo cha Amayi Akulu. Nyumba sinali yathu, tinali alendo. Mapepala athu ankadindidwa chaka ndi chaka. Ndinkaopa kuti atibweza tonse, agogo aja n'kutsala okha. Izi ndi zoona.

Zoonanso: sindinamuitane Lois kuti tikambirane. Ndinalembera Amayi Akulu a nthawi imeneyo kalata ya masamba atatu, ndi mndandanda wa masiku, mazira, mabulangete. Kalata yaukhondo, yopanda chofufuta.

Yankho linabwera pa fakisi. Temwa abwerere ku hositelo. Lois abwerere ku Malawi mwezi usanathe. Lois anati sangamusiye mtsikanayo asanachire. Anamuuza asankhe. Pa 4 Marichi anapinda velo yake, anaisiya pa bedi pamodzi ndi mtanda. Anatuluka ndi sutikesi imodzi. Ine ndinali m'chapelo dala.

Chotsala cha samu. Anthu anali atauzana kale kuti kwa asisteri ku Lucan kuli chitseko cha kumbuyo chimene chimatseguka. Lois atachoka iwo sanasiye kugogoda. Loweruka lina a Sisteri Nuala anakankha chitsekocho ndi ndodo yawo, nandiyang'ana: "Ukudikira fakisi ina?" Ndinaika ketulo pamoto. Chaka chotsatira ndinalemba m'Buku ngati ntchito ya nyumba, Khomo la Loweruka: tiyi, majekete, kuthandiza anthu kulemba mafomu. Chifukwa cha Khomo parishi inatifuna ngakhale agogo akutha. Chifukwa cha Khomo anatitumizira asisteri atatu mu 2006, ena anayi mu 2010. Nyumba ya ku Skerries, 2013, ndi Khomo lachiwiri. Popanda Khomo bwenzi titatseka kalekale.

Yankho: chimene chinatikulitsa ndi chimene ndinamuchotsera.

Ndawerenganso zimene ndalembazi. Palibe cholakwika. Mutu ukundipweteka.

Loweruka, 12 Okutobala

Khomo. Anthu 58, ana 14. Majekete 23 apita, atsala 9, onse aakulu kwambiri. Mafomu 7. Mayi wina wa ku Ndola wafika sabata yatha, nsapato za pulasitiki, mvula yonseyi. Ana a kuno ndikawafunsa dzina m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, koma ndikati "bisiketi imodzi yokha" amamva bwinobwino.

Temwa amabwera Loweruka lililonse, ndiye amagawa ntchito kwa othandiza. Mwana wa mimba ija, Blessed, ali ndi zaka 22, akumaliza za unesi. Zaka zonsezi ine ndi Temwa timakambirana za makapu, za mipando, za kiyi. Za chipinda chochapira ayi.

Tikupukuta matebulo ndamufunsa kumene Lois amakhala. Waimitsa nsalu. "Twenty-two years, Sisteri. Lero ndiye mwafunsa?" Walemba adiresi kuseri kwa fomu. Ku Balbriggan. Amagwira ku nyumba yosungira okalamba, Lolemba ali off.

Ndinati ndimufotokozere za kabuku. Wandidula. "Musavutike nako. Ife tonse timadziwa amene anatsegula chitseko. Timangokulemekezani."

Tonse. Ndayang'ana m'holo. Amayi amene amandigwadira popereka moni, amene anandigulira shawelo chaka chatha. Angati? Kuyambira liti?

Ndawerenga makapu katatu, katatu konse nambala yosiyana. 61, 63, 60.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kolona ndayamba katatu, sindinamalize. Ndakonza kabati ya nsapato. Ndatulutsa nthawi za basi ndi za sitima, ndazilemba pa khadi. Ndapempha chilolezo chopita ku Balbriggan kukaona munthu. Tisungane sanafunse kuti ndani. Wangoti nditenge ndodo.

Ziganizo zitatu zopepesa, ndaziloweza.

Lolemba, 14 Okutobala

Basi mphindi 44 mpaka m'tauni. Sitima ku Connolly. Ndinakhala mbali ya nyanja koma sindikumbuka kuti ndinaiona. Pa Skerries ndinaimirira, ndinati nditsike, ndikamwe tiyi kwa asisteri athu, ndibwerere, palibe angadziwe. Chitseko chinatseguka, chinatsekeka. Siteshoni yotsatira.

Nyumba yosanja, masitepe 17. Ndagogoda kawiri.

Imvi. Magalasi. Wanenepa. M'maganizo mwanga anali adakali wa zaka 33. Wandiyang'ana kuyambira ku velo mpaka ku nsapato. "Sisteri Ursula. Mwafupika."

Temwa anali atamuimbira, ndiye tiyi anali wokonzeka. Waika mbale patebulo: "Mabisiketi ndi six, muwerengeretu kuti tisadzakangane." Waseka yekha. Ine ndinali nditawerenga kale.

Anakwatiwa mu 2007, bamboyo anamwalira zaka zinayi zapitazo. Mwana wake alibe. Pa firiji zithunzi 19, ana a anthu ena, Blessed ali pa zitatu. Ntchito ndi yomwe ija, kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba, zaka 21 malo amodzi. Ku Misa amapita. Pamwamba pa wailesi pali kolona ya mikanda yakuda imene timapatsidwa pa malumbiro oyamba. Sindinaiwerengere pa zimene anasiya pa bedi.

Ndamuonetsa tsamba 3 ndi tsamba 9. Wawerenga ndi chala, pang'onopang'ono, Chichewa ndi Chingerezi chomwe. "Chithunzi chokha mwaoneka bwino."

Ndati ndikufuna kubwezera dzina lake. Ndinkaganiza kuti ndabweretsa mphatso.

Wakana. Akuti mukandilemba anthu afunsa kuti nanga wachisanuyo anapita kuti, ndiye muyankha kuti anachoka. "Ndikhale sisteri wothawa m'mabuku 300? Bola kapepala kanu kaja, kamandifunditsa." Kenako, akuthira tiyi wachiwiri: "Ngati mukulemba, lembani zonse, ndi amene analemba kalata. Ngati simungathe, ndisiyeni pansi pa ufa. Ndazolowera."

Ziganizo zanga zitatu, palibe chatuluka. Ndangoti ndinkaopa. Iye akuti nayenso ankaopa, ankagona maola awiri. "Mukanangondifunsa. Masiku twelve tikudya tebulo limodzi, mukundipatsira mchere, kope lili m'thumba."

Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

Wafunsa za a Sisteri Nuala. Ndati amamuitana. Wavula magalasi, wawapukuta nthawi yaitali. "Powasambitsa muziyamba ndi mapazi. Kumsana amadzidzimuka."

Wandiperekeza mpaka pa siteshoni monga kwathu, chikwama changa atanyamula iye, akundikalipira kuti ndodo ndikuigwira dzanja lolakwika. Mphepo ya pa Balbriggan. Sitima itafika wandikweza pondigwira chigongono, ngati mmodzi wa nkhalamba zake.

Ndinakhalako mphindi 70. Mabisiketi ndinadya imodzi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndayamba ndi mapazi. Sanadandaule. Sanafunse za Lois. Agona ndisanamalize kuwapesa.

Ndayesa kulemba mawu a tsamba 3. Mapepala 11.

Loyamba: "panali kusamvana." La chinayi: "malinga ndi malamulo a nthawi imeneyo." La chisanu ndi chiwiri: "akuluakulu anaona kuti ndi bwino." Onse ndi oona. Onse ine mulibe. La 11 ine ndilimo, koma ndi masamba awiri, tsamba ndi theka ndikufotokoza chifukwa chake ndinkaopa.

Amene adzakhalepo pa 26: Amayi Akulu, ansembe 6, asisteri a zipani zina, mabanja a agogo athu khumi aja, a ku Khomo onse. Mdzukulu wa mlongo wanga akuchokera ku Leeds ndi ana, akufuna adzaone tsamba 9. Kabuku kapita ku nyumba zathu zonse 14 za ku Malawi ndi Zambia. Anovisi adzawerenga pa nthawi ya chakudya. Ena a iwo ndi ana a ana amene ndinawaphunzitsa.

Zaka 56 m'chipani. Palibe kalata yolembedwa yondinena ine, ngakhale imodzi.

Ndatuluka kupita ku mlatho, ndabwerera pa geti. Ndatulukanso. Mapepala akufunika mawa 12 koloko.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndapereka 11:40. Zokonza 6: zaka ziwiri, dzina limodzi la ansembe, chiwerengero cha mabedi ku Skerries, mipatuliro iwiri. Pamwamba ndalemba "Manambala ali bwino," ndasaina.

Tisungane: "Ndinadziwa kuti ndi inu sitingachite manyazi."

Chakudya chamasana sindinadye. Ndati ndi bondo.

Lolemba, 21 Okutobala

Masiku anayi osalemba. Panalibe choti ndilembe chimene ndikanafuna kuchiwerenganso.

Loweruka Temwa anandipeza ku sinki. "Munapita?" Ndinapita. "Ndiye?" Ndinatsegula mpopi kwambiri. Sanafunsenso. Anandithandiza kupukuta makapu onse, mwaulemu, ndipo ulemu wakewo unkandiwawa ngati mbama.

Dzulo kuulula machimo. Ndinatchula kusaleza mtima ndi kunama kanayi kwa wodwala. Atate Athu katatu. Ndinatuluka chimodzimodzi.

Lero mabuku afika. Makatoni atatu, 100 lililonse. Chikuto cha buluu, mitsuko 6 ya ku Kana kutsogolo. Ndi okongola. Asisteri aang'ono aululutira m'khonde mpaka a Sisteri Nuala afunsa ngati kuli ukwati. Aika makatoni m'chipinda chosokera, kiyi apatsa ine. Ndiwerenge ngati akwana, ndione ngati masamba onse alimo. Ndani winanso.

Nyumba yonse ikununkha polishi. Makatani achapidwa, 26. Chipinda cha Amayi Akulu chakonzedwa kawiri.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndimayang'ana buku lililonse palokha, ndi mmene ndimachitira. Kutsegula, kuona masamba, kuika kumanja. Limatsegukira lokha pa tsamba 3, ndi mmene analipindira. Anayi. Anayi. Anayi. Katoni yoyamba yonse, ka 100. Sindinawerengepo bodza limodzi ka 100 m'mawa umodzi.

Pa buku la 101 ndatenga cholembera.

Pansi pa tsamba 3 pali malo opanda kanthu, zala zitatu. Masamba awiri aja sangakwanepo. Zakwana izi:

"Tinali asanu. Wachisanu ndi Lois Matewere, amene anayamba kutsegula Khomo. Anasunga mlendo wosowa pogona, ine ndinamuneneza kwa akuluakulu osamufunsa, ndipo anachoka."

Mawu 21. Pansi pake chimodzimodzi m'Chingerezi, ndi dzina langa. Pa tsamba 9 mzere umodzi: "Onani tsamba 3." Za mantha anga malo palibe. Dzina la Temwa sindinaike, ndi lake.

Mphindi zitatu buku limodzi. Mabuku 300, maola 15. Masiku anayi. Zitheka ngati chala chachikulu chilola.

Chilolezo ndilibe. Ndinalumbira kumvera mu 1968 ndipo sindinachitepo kanthu kuseri. Lero chitseko ndakhoma, wina akadutsa m'khonde ndikumaphimba ndi nsalu ya pa makina. Kani zimakhala chonchi.

Ndamaliza 52. Inki yadetsa chala. Pa mapemphero a madzulo ndabisa dzanja m'mkono wa juzi.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndayamba titangotuluka mu Misa. 10 koloko, 79. Ndaviika dzanja m'madzi ofunda mphindi 10. Zilembo zayamba kupendekeka, mwana wa sukulu akanalemba chonchi ndikanamubweza.

3 koloko itangokwana, Tisungane. Amafuna mabuku 20 a ku Skerries. Ndinaiwala kukhoma pochokera ku chakudya. Nsalu inali kutali. Sindinaitolenso.

Watenga la pamwamba. Poyamba wangoona inki: "Sisteri, mwadetsa mabuku!" Kenako wawerenga. Chichewa, Chingerezi, Chichewanso. Wakhala pa mpando wa makina.

Wafunsa ngati ndi zoona. Ndati ndi zoona, kalata ili m'mafayilo kwathu, masamba atatu. Wafunsa kuti angati. 131. Wafunsa kuti akandiuza kuti ndisiye ndichita chiyani. Ndati ndisiya, ndi mkulu wanga, koma 131 sindingafufute.

Manja sanaike kumbuyo. Wandikalipira, koyamba chibadwire chake: miyezi isanu ya ntchito, nthawi yosindikizanso palibe, ndinamulola kuti andithokoze pa 16 ndikudziwa, Amayi Akulu akhoza kunena kuti makatoni onse asatuluke m'chipinda muno ndipo anthu 300 akhala opanda kanthu m'manja. Zonse ndi zoona. Ndati pepani. Liwulo latuluka mosavuta, ndadabwa.

Pa chitseko watembenuka. "Sindinanene kuti musiye, sindinanene kuti mupitirize. Koma Amayi Akulu muwauza nokha, asanavule ndi jekete yomwe." A ku Skerries watenga pa olembedwa kale kapena pa oyera? Ndawerenga atachoka. Sanatenge aliwonse.

Wandifunsa. Tsiku lomwelo, maso ndi maso, mphindi 12 zonse zatha.

Ndapitiriza. 158.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndege ikutera 11:20. Tisungane ndi ena awiri anyamuka 10 koloko, ndi maluwa ndi jekete yapadera, poti Amayi Akulu sadziwa kuzizira kwa kuno.

Amayi Akulu awa ndimawadziwa pang'ono. Mwambo amaugwira. Chaka chatha anamata okha mayina awiri. Akhoza kutseka makatoni. Akhoza kundiuza kuti Loweruka ndikhale m'chipinda. Akhoza kungondiyang'ana. Sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri.

Atangochoka ndatenga limodzi, ndaika mu envelopu, Balbriggan. Kalata sindinaikemo. Bokosi la positi lili pa kona, mapazi 410. Ndaima pamenepo mpaka mayi wina wa galu wandifunsa ngati ndili bwino. Ndaponya. Lagwa pansi pa bokosi, ndalimva. Limenelo palibe angalitsekere.

Pobwera mapazi sindinawerenge.

186. Atsala 114. Chala chatupa, cholembera ndachikulunga ndi bandeji.

12:35. Galimoto yalowa pa geti. Zitseko zinayi. Akuimba pakhomo, wina akuululuta. Sutikesi ikukokedwa pa miyala. Mawu a Tisungane, akunena kuti Sisteri Ursula ali ndi mawu, kaye, tiyi asanabwere.

La 187 lili m'manja, inki sinaume, nditsika nalo lotsegula